Amene Ankapesa Mchenga

Sindikumbukira kuti ku tauni ija ya m'mphepete mwa nyanja yamchere tinapitako kangati. Achimwene anga a Silivesi amati kasanu ndi kawiri. Ine ndikawerenga ndimapeza kanayi, koma mwina maulendo ena analowana m'mutu mwanga ngati zovala zoviika m'beseni limodzi, chimodzi chikasuluka zonse zimatenga mtundu wake.

Bambo anga, a Gelevazio, anali kalipentala. Anachoka ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, atamva kuti kugombe akumanga nyumba yaikulu ya juga ndipo akufuna amisiri. Makalata anabwera zaka ziwiri, ena ali ndi timchenga m'makona mwa envulopu. Kenako analeka. Amayi anadikira dzinja limodzi, anakolola, anagulitsa mtedza, n'kuuza anthu kuti akupita nane kukaona nyanja. Chithunzi cha bambo anachikulunga mumpango n'kuchiika pansi penipeni pa chikwama. Mudzi wonse unkadziwa chimene tinkapitira, koma anatiperekeza ngati anthu opita kokasangalala.

Sitima inayenda masiku awiri. Mapiri anatha, kenako mitengo imene ndinkaidziwa mayina inatha, kenako chilankhulo chathu chinatha. Titatsika tinapeza mphepo yonunkha nsomba ndi penti. Nyumba ya juga inali yoyera mbee, yopanda mawindo, yoyang'ana kunyanja. Zitseko zake zagalasi zinkatseguka zokha n'kupumira kunja mpweya wozizira. Anthu ankalowa akuseka, n'kumatuluka akuyang'ana nsapato zawo.

"Khala pansi pa mtengo wa kokonatiwu," amayi anatero. "Ugwiritse chikwama. Ine ndikafunse ku ofesi ya kuseri."

Ndinakhala. Patsogolo panga panali munthu wovala ovolosi yachikasu akupesa mchenga ndi leki, chitsulo chija cha mano ambiri. Ankakoka mizere yowongoka kuchokera pakhonde mpaka kumadzi, alendo n'kumaiponda, iye n'kumayambanso. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali osaganiza kanthu. Kenako anatembenuka, ndipo ndinaona kuti waluma lilime pambali pa kamwa, monga ankachitira bambo akamapala thabwa.

Nawonso anandiona. Anaima kaye, leki ili m'manja, kenako anabwera n'kunjuta patsogolo panga.

"Wakula," anatero. "Amako ali kuti?"

"Apita kuseri kukafunsa za inu."

Anayang'ana kuseriko, n'kuyang'ananso manja awo. "Tamvera, mwana wanga. Zida zanga zonse zinathera pa juga m'nyumba umo. Macheka, nyundo, ngakhale puleni ija ya agogo ako. Amako asandione chonchi. Chaka chamawa ndibwera ndekha, nditavala jekete, nditanyamula sutikesi. Koma ukanena lero, ndithawa, ndipo simudzandionanso. Wamva?"

"Ndamva."

Anathamanga kwa mayi wina wa bokosi loyera n'kundigulira aisikilimu. Anandigwira pamutu, natola leki yawo, n'kuzimiririka kuseri kwa mabwato. Aisikilimuyo ndinadya yense. Ndikanakonda kunena kuti anandiwawa pakhosi, koma anali wokoma.

Amayi anabwera nkhope itagwa. "Akuti amisiri onse anabalalika nyumba itatha. Pakamwapo n'chiyani?"

"Mzungu wina wandipatsa."

"Unathokoza?"

"Ndinathokoza."

Anandipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kundigwira dzanja. Tinayenda pamchenga wopesedwa uja, mapazi a amayi akufafaniza mizere ya amuna awo.

Chaka chamawa chinafika. Bambo sanabwere. Amayi ananditumiza kwa azakhali, kudera lina la fodya kumene mphepo yake imayabwa m'mphuno. Kumeneko ndinaphunzira kusankha masamba m'chigafa, aatali paokha, owala paokha, n'kumanga ndindi, timitolo ta masambawo. Azakhali anali munthu wa mawu ochepa. Tsiku lina anandipeza ndikutaya tsamba long'ambika.

"Osataya," anatero. "Long'ambika umaliika pakati, abwino kunja. Akamadzaliona, belo lafika kale kutali."

Ntchito imeneyo ndinaigwira msanga kuposa ana awo. Ankandiyamikira kuti ndili ndi manja abata.

Ulendo wachiwiri ndinali nditatha msinkhu. Amayi anali atakulitsa chithunzi chija kwa wojambula, nkhope ya bambo n'kukhala yotuwa ngati ya munthu woima m'nkhungu. Tauni inali itakula. Kunali mahotela awiri atsopano ndi msewu wa nyale m'mbali mwa madzi. Tinapita kupolisi, kuchipatala, ngakhale kunyumba yachisoni kumene munthu wina wovala jombo anatitsegulira makabati atatu. Amayi ankayang'ana nkhope iliyonse mpaka kutsimikiza, n'kunena zikomo. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo, nditagwira chikwama.

Tsiku lachitatu masana tinalowera kunyumba ya juga. Amayi ankayenda chowerama, akuwerenga kapepala kamene wapolisi anawalembera. Ine ndinkayang'ana kutsogolo. Pakhomo lagalasi panaima munthu wovala jekete yofiira ya mabatani agolide ndi magolovesi oyera, akuweramira aliyense wolowa. Anali bambo, jekete ataipeza ndithu. Pomwepo panafika mayi wina wamng'ono thupi, mwana ali kumbuyo, n'kuwapatsira bakuli lomanga m'kansalu. Bambo anavula golovesi limodzi n'kugwira kaphazi ka mwanayo, akuseka.

"Amayi," ndinatero, "tiyeni tidzere uku, kuli mthunzi."

"Koma ndimafuna tifunsenso pakhomo paja."

"Paja anatibweza kale. Tiyeni kumsika, amisiri amapezeka kumsika."

Anandimvera. Zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinawateteza amayi kuti asaone mayi uja ndi mwana wake. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa funso limodzi: unadziwa liti? Paulendo woyamba chinsinsi chinali cha bambo. Kuyambira pamthunzi uja chinakhala changa.

Kenako ndinapezeka m'tauni ina ya pamphambano, kumene mabasi amaima kuti anthu agule mbatata yootcha. Ndinkaphunzira kusoka pakhonde la sitolo, kwa telala wina wachikulire wa diso limodzi. Mwezi wathunthu ankangondipatsa zigamba kuti ndilumikize n'kuphwasulanso. Ankatembenuza nsalu n'kuyendetsa chala pamsoko. "Kunja aliyense amakongoletsa," ankatero. "Ine ndimaona kumbuyo." Akatero ndinkaweramira pa singano yanga, ngakhale ankangonena za nsalu.

Ndili komweko kunabwera uthenga wakuti ndipite kumudzi. Mphunzitsi wina wofedwa mkazi, a Chimbalanga, anali atafunsira amayi kudzera kwa amalume. Anali munthu wofatsa, wa njinga yakuda, amene ankabweretsa mbewu za tomato n'kukhala pabwalo osalankhula zambiri. Amayi akamva belu la njinga ija ankakonza duku. Ndinaona ndekha.

Abale a bambo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Anati zaka zakwana, munthu wosowa chotere ndi wakufa. Tidule thunthu la nthochi, tiliike m'manda m'malo mwake, timete, mlamu wathu amasuke. Amayi anamvetsera onse. Kenako anatembenukira kwa ine, pamaso pa anthu.

"Iwe, tinayenda limodzi. Unaona zimene ndinaona. Mtima wako ukuti bwanji? Bambo ako ali moyo?"

Mawu amodzi akanakwanira. Ndikanati ali moyo, ali ndi banja lina, ndipo amayi akanalira sabata imodzi n'kukwera njinga yakuda. Ngakhale bodza lakuti anafa likanawamasula. Ine ndinasankha la pakati.

"Sindikudziwa, amayi."

"Mwamva," amayi anauza abale. "Mwana sakudziwa, ine sindikudziwa. Ndiye sindingakwirire nthochi n'kumaitcha mwamuna wanga."

A Chimbalanga anadikira chaka, kenako anakwatira mayi wina wa kutsidya. Lamulungu lililonse ankadutsa pamsewu wathu popita kutchalitchi, mkaziyo ali pakaliyala. Amayi ankawapatsa moni mokweza, n'kulowa m'nyumba kukafuna chinthu chimene sichinasowe.

Ulendo wina ndinali nditakwatiwa. Amuna anga, a Wedisoni, ankayendetsa lole, ndipo atamva kuti apongozi awo amakonda kupita kunyanja, anati atitengera kumeneko okha. Anali munthu wosangalala, wa phokoso, wokonda kugulira anthu zinthu. Tinafika miyendo ya amayi itatupa, ndiye tinawasiya akupuma kunyumba ya alendo. A Wedisoni anati sangabwere mtunda wonsewu osalowa m'nyumba yotchukayo.

Pakhomo panaima munthu wina, wamtali, mujekete yofiira yomwe ija. Mkati munali mozizira, mopanda wotchi, makina akuimba timanyimbo tosatha. Amayi okalamba ankadyetsa makinawo ndalama ngati akudyetsa nkhuku. A Wedisoni anaponya pang'ono, analuza, naseka. Ine ndinkayang'ana kumwamba. Denga lonse linali la matabwa ofiirira olumikizidwa mwaluso, osaoneka ngakhale msomali umodzi. Ndinadziwa manja amene anachita zimenezo. M'chipinda chonsecho panalibe wina woyang'ana kumwamba.

Titatuluka tinapeza mzere wa anthu ogulitsa zigoba za m'nyanja atayala pamasaka. A Wedisoni anaima pa mkulu wina wa imvi, wopanda mano akutsogolo, wovala malaya ong'ambika paphewa.

"Madala, mkanda uwu bwanji? Ndikufuna wa apongozi anga."

Mkuluyo anakweza maso, ndipo ndinaona kuti ndi bambo. Anayang'ana a Wedisoni, anayang'ana mphete ya pachala changa, anandiyang'ana ine. Anayankha m'chilankhulo cha kugombe, akuonetsa zala.

"Ha! Anthu awa ndi akuba," a Wedisoni anatero kwa ine, osatsitsa mawu poganiza kuti mkuluyo sakumva. "Akaona mlendo amaona nyama. Tamuuza ndi manja kuti theka, apo ayi tikupita."

Ndinaonetsa ndi manja kuti theka. Bambo anavomera ndi mutu. A Wedisoni anaponya ndalama pasaka. Bambo anabweza mkanda umene tinasankha, napisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa wina wa zigoba zoyera zofanana bwino. Anaupereka ndi manja awiri, osati kwa ine, kwa mkamwini wawo.

"Mwaona?" a Wedisoni anatero tikuchoka. "Ukawalimbira mtima amakulemekeza."

Amayi anaukonda mkandawo. Anauvala pa ubatizo wa mwana wa achimwene, pa maukwati, pa misonkhano ya amayi a mvano mpaka ulusi unatha. Ankauza anthu kuti mkamwini wawo ali ndi diso.

Banja langa silinakhalitse. A Wedisoni sanandimenyepo, sanandinyozepo. Tsiku lina m'mawa akumanga nsapato anangoti, "Mayi, inu muli ngati nyumba yokhoma mkati. Ndagogoda zaka zinayi." Sindinawatsutse. Ndinamanga katundu wanga.

Kuchokera apo zaka zimandisokonekera. Ndinachapapo nsalu pachipatala china cha mishoni chapaphiri, kumene sisitere wina anandiphunzitsa kuti magazi amachoka ndi madzi ozizira ngati wafulumira. Ndinagulitsapo kaunjika m'misika ya Lachiwiri ndi Lachisanu, kuphunzira kuyang'ana jekete n'kudziwa kuti mwini wake anali wamanzere. Ndinaphikapo tiyi pasiteshoni imene sitima inaleka kuima. Tauni iliyonse inali ndi msika umodzi, chigayo chimodzi, ndi bambo mmodzi wosesa pakhomo la sitolo amene ndinkamuzungulira patali. Ndinalemba makalata opita kwa amayi, ena mpaka kumata sitampa. Kamodzi ndinakwera basi nditatsimikiza mtima kuti lero ndinena. Ndinawapeza akuzira pansi, akuimba nyimbo ya kwaya, matope mpaka m'zigongono. Anasangalala kundiona. Ndinagwada n'kuwathandiza kuzira, ndipo m'mawa mwake ndinabwerera.

Pakati pa zaka zimenezo amayi anapitanso kunyanja, mwina ndi achimwene, mwina okha. Ankabwerako ndi mchere m'kathumba wogawira anansi. Za bambo sankanenanso, koma chithunzi sichinachoke pansi pa chikwama.

Ulendo womaliza ananditumira uthenga. Maso awo anali atachita ng'ala, ankangoona kuwala ndi mithunzi. "Ndiperekeze kamodzi kokha," anatero. "Iwe ndi amene umaidziwa njira."

Tinapita pabasi. Tauni inali itachepa. Nyanja inali itadya theka la msewu wa nyale uja, mizati ina itaima m'madzi. Nyumba ya juga inali yotseka, zitseko zagalasi atakhomapo malata, mbuzi zikugona pakhonde. Mchenga unali wodzaza zinyalala ndi udzu wa m'nyanja. Amayi anandikoleka mkono, ndipo aliyense amene amva mapazi ake ankamuonetsa chithunzi, nthawi zina chozondoka. Ine ndinkachitembenuza mwakachetechete.

Ogulitsa zigoba anatsala atatu. Ndinayang'ana malo a bambo ndili patali, nditakonzeka kale kupatutsa amayi. Pasaka panakhala mayi wamng'ono thupi, wa imvi za m'mbali. Bambo panalibe. Miyendo yanga inangopitirira yokha, ndipo tinafika pafupi kuposa mmene ndinkafunira.

Mayiyo anandiyang'anitsitsa. Kenako anaimirira, napukuta manja pachitenje, n'kulankhula Chichewa chopindika, chophunzira kwa munthu mmodzi.

"Ndinu mwana wawo. Mwana wa a Gelevazio. Ine Zainabu, mkazi wawo wa kuno. Ankandionetsa inu mukamadutsa." Anandigwira manja onse awiri. "Pepani. Bambo anu anatisiya mvula yathayi. Ankanena za inu mpaka mapeto. Ankati, mwana wanga uja ndi munthu, anandiona kuyambira ali wamng'ono koma sanandiulule."

Mkono wa amayi unali m'mkono wanga. Unangotuluka pang'onopang'ono, ngati ulusi ukusololoka m'singano.

Zainabu anayang'ana amayi, anayang'ana chithunzi chili m'manja mwawo, n'kugwira pakamwa.

"Musaope," amayi anatero. "Ine ndine wa kumudzi. Anadwala nthawi yaitali?"

"Miyezi itatu. Chifuwa."

"Munawasamalira?"

"Ndinayesetsa, mayi."

"Zikomo. Mungandiperekeze pamene agona?"

Zainabu anapinda saka lake n'kupatsa amayi phewa. Anayenda patsogolo awiriwo, ine m'mbuyo ndi chikwama. Manda anali kuseri kwa tauni, pamchenga, ozunguliridwa ndi miyala yoyera ya m'nyanja. Amayi anagwada, napapasa mulu wonse kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, ngati akuyeza msinkhu. Anafunsa ngati ankadya bwino, ngati ankapemphera, ana alipo angati. Zainabu anayankha zonse. Panthawi ina anaseka limodzi, za mkonono wa bambo. Ine ndinaima pachipata. Palibe anandiitana, palibe anandithamangitsa.

Pobwerera m'basi tinakhala mpando umodzi. Tinadutsa midzi ya kokonati, tinawoloka mtsinje waukulu, nkhope ya amayi italoza kuwindo kumene sankaona kanthu. Mapiri atayamba kuoneka analankhula.

"Kuyambira liti?"

"Ulendo woyamba."

"Unali ndi zaka khumi ndi chimodzi."

"Inde, amayi. Anandiuza kuti ndikanena athawa."

"Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi ndamumva," anatero modekha. "Nanga wa zaka makumi awiri uja, pansi pa mango? Nanga wa makumi atatu?"

Basi itaima pamphambano ndinaimirira kuti ndiwatsitse, koma iwo anatambasulira dzanja mayi wina wachilendo wonyamula nkhuku. "Tandigwirani, mwana wanga, maso ndilibe." Mayiyo anawatsitsa bwinobwino, akundiyang'ana modabwa.

Panopa amayi amakhala kwa achimwene a Silivesi, m'kachipinda koyang'ana kudimba. Ine ndikadali woyendayenda, koma mwezi ulionse ndimakwera basi kukawaona. Sanandikalipirepo. Sanauze munthu aliyense. Anauza abale kuti manda tinawapeza, anameta, n'kuthera pomwepo.

Mwezi wathawu ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, akusola nandolo. Anamva mapazi anga n'kuitana alamu anga.

"Nachisale, apatseni mpando alendowa."

Ndinakhala pampando, iwo pansi. Anandipatsa dzanja, lina litagwira pachigongono.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Ndayenda bwino, amayi. Kaya inu?"

"Ife tilipo. Kwanuko n'kwabwino?"

"N'kwabwino."

"Tithokoze Mulungu. Mwachita bwino kutiyendera."

Kuyambira tsiku la basi lija sananenepo kuti iwe kwa ine. Achimwene, bambo wa ana asanu, amawaitanabe kuti iwe Silivesi, n'kumawakalipira za mbuzi. Ine amandipatsa ulemu wonse umene munthu angapatse mlendo.

Achimwene anandiperekeza kusiteji. Tili m'njira anapukusa mutu. "Usadandaule nazo, mlongo wanga. Amayi akukalamba. Ayamba kuiwala anthu. Tangoganiza, kuiwala iwe, amene unayenda nawo maulendo onse aja."

Anaima, akudikira kuti ndinenepo kanthu. Basi inali ikubwera patali, fumbi lili m'mbuyo.

"N'ukalamba," ndinatero.